Alendo Anu a Lamulungu

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko?

Ife kuno tilipo. Ndikunena choncho chifukwa ndi mmene anthu amayankhira. Mukanakhala pafupi mukanandiyang'ana ndi diso lanu lija n'kunena kuti, "Iwe Enelesi, kukhalapo ngakhale chitsa chimakhalapo." Ndiye musandifunse zambiri. Ndimadzuka, ndimasesa, ndimapita kukasoka pa shopu, ndimabwerako. Kukacha ndimayambiranso.

Ndiyambe ndi zabwino, poti munkadana ndi munthu woyamba ndi madandaulo asanakhale n'komwe pansi. Mkazi wa mwana wanu Yohane wachira ku Lusaka kuja, mwana wamkazi. Amupatsa dzina lanu. Vuto lake tsopano palibe amene akulimba mtima kulitchula, moti kakhanda kosatha n'kukweza mutu komwe akungokaitana kuti "amayi". Yohane anatumiza zithunzi pa foni, ndipo aliyense amene waona akuti chipumi ndi chanu, makutu ndi anu. Ine ndinayang'anitsitsa nthawi yaitali. Ndinaona khanda basi, lonenepa bwino, lovala chipewa chachikulu kuposa mutu wake.

Kumunda ku Chipangali chimanga sichinachite bwino. Mvula inadula chitangoyamba kumasula, pobweranso inapeza zinthu zitaipa kale. Tapezako choti n'kutifikitsa pakati pa chaka, kupitirira apo tidzaona konko. Mtedza ndiwo watipulumutsa, mbewu yanu ija munasunga m'chigubu n'kutiletsa kukazinga ngakhale dzanja limodzi. Munkanena zoona, ngakhale tinkang'ung'udza. Denga la kukhitchini likudonthabe pamalo pomwe paja, ndipo beseni lanu lobooka pakhosi likugwirabe ntchito yake. Mbuzi za anthu a kuseri zinalowa m'dimba n'kumaliza mpiru wonse. Sindinapite kukakangana nawo. Ndinaima n'kumaziyang'ana zikudya, kenaka ndinalowa m'nyumba.

Atate aliko. Chibwerereni kumanda, malo awo ndi pakhonde, pa kampando kawo kaja, nkhope kumsewu. Amadya pang'ono, ndipo mawu awo atsala awiri okha, "eya" ndi "ayi". Anzawo a bawo anayesa kubwera kangapo, anatopa. Ndikawafunsa ngati akumva kupweteka penapake amapukusa mutu. Ndiye timakhala choncho, iwo panja, ine m'kati, nyumba ili zii.

Tsopano ndikuuzeni changa, chimene sindinauze munthu kupatula Yohane. Amayi, mawu anu andithawa. Sindikunena zimene munkanena, zimenezo ndikuzikumbukira zonse, ndikhoza kuzitchula mpaka mawa. Ndikunena kamvekedwe kake. Nkhope yanu ndimaiona bwinobwino, kampata ka m'mano kaja, ndi chala chimene munkakweza mukafuna kutsutsa munthu. Koma ndikati ndikumveni mukundiitana kuchokera kuchitsime, chimene chimamveka m'mutu mwanga ndi mawu anga omwe, ouma ngati munthu akuwerenga zolengeza kutchalitchi. Ndayesa pogona, ndayesa posoka. Mulibe.

Ndipo tilibe pomwe tinakusungani. Kafoni kanu ka mabatani kaja kanalibe zojambulira mawu, ndipo Yohane atafuna kukuphunzitsani kutumiza mawu pa foni yanga munakana, amvekere, "Ine ndizilankhula ndi munthu wosandiyankha? Ndine wamisala?" Tinaseka tsiku limenelo mpaka kugwira m'mimba, chifukwa amene ankanena zimenezo ndi munthu yemwe Lamulungu lililonse ankacheza ndi tivi.

Pamaliro panu sindinalire, mwina munaona. Azakhali a ku Kasenengwa anandikanda m'nthiti n'kundinong'oneza kuti, "Lira, mwana iwe, anthu akukuona." Ndinatsegula pakamwa, sipanatuluke kanthu. Mpaka lero thupi lonseli lili ngati mkono umene munthu waugonera.

Nkhani imene ndakhalira pansi kukulemberani ndi ya alendo anu. Mukuwadziwa amene ndikunena: pulogalamu ya macheza ija ya Lamulungu masana, ya bambo wamagalasi uja amene amaitana anthu kudzakamba za maukwati, za ulimi, za ana osamva. Dzina lake lenileni simunkalitchula. Kwa inu anali "alendo anga" basi. Tikangobwera kutchalitchi munkayamba kutisokosa. Pabalaza pasesedwe, ndowa zichoke pakhomo, inu n'kumanga duku labwino ndi chitenje chosapita nacho kumsika. Wina akapezeka akutafuna chimanga chootcha munkamuthamangitsira panja, ati munthu sadya pamaso pa alendo asanawapatse. Bamboyo akangotulukira n'kunena kuti, "Moni nonse kunyumbako," inu munkawomba m'manja mwaulemu, "Zikomo, takulandirani, khalani pansi." Ndipo pomaliza akati, "Tsalani bwino," munkamuperekeza ndi mawu omwe aja osasintha: "Pitani bwino, mukapereke moni kunyumba. Njira ndi yomweyi, musaitaye."

Atate sankaonera nawo. Ankakhala pakhonde, windo lili chitsegulire, n'kumamva zonse uku akunamizira kukonza wailesi yawo. Mukangomaliza kutsanzika ankaponya mawu awo pawindo: "Anabanda, akumvani?" Inu osachedwa: "Amve asamve, Aphiri, wosayankha moni ndi mfiti." Zaka zonsezo funso lomwelo, yankho lomwelo, ndipo palibe amene ankatopa pa awiri inu.

Tsiku limene munatisiya tinatulutsa mipando yonse pabalaza kuti anthu olira apeze pokhala, monga timachitira. Tivi inalowa kuchipinda kwanu, wina anaifunditsa chitenje. Maliro atatha mipando inabwerera m'malo mwake, koma tivi palibe anaikumbuka. Kapena tonse tinkaikumbuka, kungoti palibe amene ankafuna kukhala woyamba kuigwira.

Ndiye sabata zapitazo Yohane anaimba foni, mawu ali m'mwamba. "Achemwali, mwamva? Alendo a amayi aja akukondwerera zaka zawo pa tivi. Akuti Lamulungu likubwerali adzaonetsa zakale zonse, malo onse amene anayendako. Ku Chipata anafikako, mwaiwala? Amayi adzaoneka. Mawu awo muwamvanso, achemwali."

Sindinaiwale. Chaka chija anabwera ndi makamera awo kumsika, anakupezani mutakhala ndi lichero lanu la mtedza, bambo wamagalasiyo n'kugwada pambali panu kukufunsani mafunso. Munabwera kunyumba tsiku limenelo mukuyenda ngati mkazi wa bwanamkubwa. Ataionetsa tinaonera kamodzi, tinakuwa, tinaseka, basi zinatha. Panalibe amene anaganiza zosunga. Tikanasungiranji munthu amene tinali naye m'nyumba, amene mawu ake ankafika mpaka kumsewu?

Sabata yonseyo ndinasoka zokhota. Diresi la mwini wake ndinalisoka mkono umodzi chagada, ndinachita kusula. Sikuti ndinali wokondwa, amayi, musandimve molakwa. Ndinkangowerengera kuti ndikakumvani kamodzi kokha, ngakhale mawu awiri, ndidzawagwira osawatayanso.

Lamulungu titabwera kutchalitchi, Amake Joyisi a nyumba yoyandikana nafe anandithandiza kunyamula tivi ija. Chitenje chinali chitagwira fumbi, ndipo m'chipindamo munkanunkhirabe mafuta anu odzola. Magetsi masiku ano amabwera akafuna, moti Amake Joyisi anabweretsa batire la sola yawo kuti tisagwidwe njakata. Koma tsiku limenelo magetsi anakhala bwinobwino, ndiye sindingawanamizire kanthu. Ndinapezeka ndasesa pabalaza, ndachotsa ndowa pakhomo. Sindinaganize, manja anachita okha.

Mbiri inali itayenda. Anabwera anzanu a chigwirizano angapo, anabweranso azakhali kuchokera ku Kasenengwa, atakwera njinga yamoto, nkhope yonse fumbi. Tinayala mphasa. Mpando wanu unali pomwe paja, ndipo ngakhale anthu anapanikizana pansi, palibe anaukhalira. Ndinatuluka kukaitana atate.

"Atate, lowani, yatsala pang'ono kuyamba."

"Ayi."

"Amayi aoneka."

Anangoyang'ana kumsewu. Ndinabwerera m'nyumba, windo ndinalisiya chitsegulire.

Mlendo wanu wakalamba, amayi. Tsitsi layera mbuu, masaya agwa, magalasi okha ndiwo sanasinthe. Anatulukira atavala suti yonyezimira, kumbuyo kwake kuli keke yaitali ngati chulu. "Moni nonse kunyumbako," anatero. M'chipindamo palibe anayankha. Aliyense anayang'ana pansi, wina anatsokomola. Kenaka zinayamba zolankhula za anthu akuluakulu, uyu kuyamikira, uyo kuyamikira, onse mawu ofanana. Azakhali anayamba kusinza. Amake Joyisi anali pa foni yawo, kutiwerengera zimene anthu oonera m'dziko lonse ankalemba nthawi yomweyo. Wina akuti sutiyo wabwereka kwa mkwati. Wina akuti anakula akuonera pulogalamuyi pawindo la anthu oyandikana nawo, lero akuonera ndi adzukulu. Wina akungofunsa kuti kekeyo adya ndani.

Kenaka bamboyo anati tsopano tione kumene tachokera. Ndinasendera kutsogolo mpaka mawondo anagunda tebulo.

Anaika nyimbo. Zithunzi zinayamba kuthamanga, asodzi, ana asukulu, anthu a kumigodi, amayi ovina, chilichonse kungoti phethi n'kupita. Ndinkadikira kuti nyimboyo itsika, anthu ayambe kulankhula. Ndiye Amake Joyisi anakuwa, "Ndi awo! Ndi awo, mayo ine!"

Munali inu. Chitenje chobiriwira chija, lichero pamiyendo, dzuwa likukuwombani kumaso. Munkalankhula, amayi, munkalankhula ndithu ndi mphamvu, chala chili m'mwamba, bambo wamagalasi atagwada akugwedeza mutu. Kenaka munaseka, kampata kaja poyera. Pakamwa panu pankayenda, koma chimene chinkamveka ndi nyimbo yokha. Ndinalanda rimoti n'kukweza. Inakwera ndi nyimbo. Ndinakwezanso mpaka tivi inayamba kunjenjemera, ndipo pamene ndinkakweza maso, pamalo panu panali bambo wina akukankha njinga ya makala. Nthawi yonse imene munakhala nafe sinakwane yoti munthu amalize kapu ya madzi.

Anzanu a chigwirizano anayamba kulira, maliro enieni. Azakhali anadzigwira pamutu, "Mlamu wanga ine, mlamu wanga, wabwera osatilankhula!" Ine ndinatsitsa mawu a tivi, ndinaika rimoti patebulo bwinobwino, n'kukhala. Ndinkadikira kuti china chake chindipweteke. Sichinabwere.

Misozi itaphwa unayamba mkangano. Amake Joyisi akuti pamenepo munkanena za mtengo wa feteleza, akukumbuka bwino. Azakhali akuti bodza, munkadzudzula ana amene amapita ku tauni osabweranso kudzaona makolo, chala chija chinali cha nkhani imeneyo. Mmodzi wa anzanu anati nonse mwaiwala, chimene munachita n'kumufunsa bamboyo chifukwa chake anali wowonda choncho pamene amaoneka pa tivi, n'kumuthirira mtedza m'thumba la jekete. Apo anthu anaseka misozi ili m'masaya. Anandifunsa ine kuti ndiweruze. Ndinati zonse munanena. Mwina n'zoona, inu simunali munthu wa nkhani imodzi.

Amake Joyisi anabwerera pa foni kuti atichotse pa mkanganowo. Anthu anali atakwiya m'dziko lonse, amayi. Akuti nyimbo yaononga zonse. Akuti ife a kum'mawa atipatsa kanthawi kochepa ngati kuti sitionera. Akuti akuluakulu aja adya nthawi ya anthu wamba. Ndiye anawerenga china mofulumira, asanaone kumene chikupita: "Agogo a lichero aja andisangalatsa bwanji, kaseke kawo! Mulungu awapatse moyo wautali." Anaima pomwepo, foni anaibisa m'chitenje.

Foni yanga inalira, Yohane. Ankachita chibwibwi ndi ukali. "Achemwali, anthu awa ndi otani? Munthu akulankhula iwo n'kuikapo gitala? Mawa ndipita ku ofesi kwawo, akandipatse tepi yonse." Ndinati pita. Anandifunsa ngati ndili bwino, ndinati ndilipo.

Pulogalamu inapitirira, anadula keke, anaimba, anajambulitsa. Ife tinangokhala poti panalibe amene anafuna kuyamba kunyamuka. Pomaliza mlendo wanu anayang'ana kutsogolo, maso ali ngati alowa m'nyumba mwathu momwemo, anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Anati, "Zikomo potilandira zaka zonsezi. Tsalani bwino nonse kunyumbako."

Amayi, simunamvepo bata ngati limenelo. Aliyense m'chipindamo ankadziwa chimene chimabwera pamenepo, ndipo chinali chosabwera. Munthu watsanzika, waima pakhomo, eni nyumba angoti duu. Zinandinyansa. Sichinali chisoni ayi, kunali kuipidwa chabe, monga umaipidwira ukaona chitseko chasiyidwa pululu nkhuku zikulowa. Ndinawomba m'manja, pakamwa panga n'kunena pokha:

"Pitani bwino, mukapereke moni kunyumba. Njira ndi yomweyi, musaitaye."

Pakhonde kampando kanagwa.

"Anabanda?"

Anali atate. Mawu amphamvu, a munthu amene akuitana mkazi wake ali kuseri kwa nyumba ndipo akudziwa kuti ayankha. Tinamva mapazi, kenaka anaima pakhomo, patapata mmodzi kuphazi, wina anatsala panja. Anayang'ana mpando wanu. Anayang'ana tivi, imene inali itayamba kale kutsatsa sopo. Kenaka anatiyang'ana ife mmodzimmodzi.

"Walankhula ndani?"

Anthu onse maso pansi. Ndinati, "Ndine, atate."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati munthu amene akuwerenga chikwangwani chakutali. "Oho," anatero. "Ndiwe." Anatembenuka, anakadzutsa kampando kawo n'kukhalanso.

Azakhali anandigwira dzanja, chikhatho chawo chili zizirire. "Mwana iwe, thupi langa lonse lachita tsemwe. Ndikanakhala kuti ndinatsinzina ndikanalumbira." Amake Joyisi ankangogwedeza mutu, dzanja lili pakamwa. Anthu anabalalika mwakachetechete, osadikira n'komwe tiyi.

Onse atapita ndinalowa kukhitchini, ndinatseka chitseko, n'kunenanso mawu aja. Ndinawanena motsitsa, ndinawanena mokweza, ndinayesa ndi chala m'mwamba. Ndinamva Enelesi basi, mayi wosoka zovala akulankhula yekha pakati pa mapoto. Chimene anamva atate, chimene anamva azakhali, ine sichinandifike.

Sabata yonse yotsatira tauni inali pa nkhani ya pulogalamuyo. Pa shopu makasitomala ankakangana ngati bamboyo apume kapena apitirize, ena akuti wakalamba asiyire ana, ena akuti akachoka iyeyo iwo asiya kuonera. Ankandifunsa maganizo anga, ine n'kumangoluma ulusi. Yohane anapitadi ku ofesi kuja. Anamulandira bwino, anamuuza kuti zakale zotero zimafuna kufufuza, adzabwerenso. Iye akuti sasiya. Ine sindikudikira.

Lachinayi kumsika ndinakumana ndi mayi uja wa ku Tamanda amene ankagula mtedza wambewu kwa inu chaka ndi chaka. Uthenga sunamufike. Anandithamangira, nkhope yonse mano, "Tinawaona amayi pa tivi! Koma anthu aja sakalamba, eti? Mukawapatse moni, muwauze kuti ndibwera mvula isanagwe." Ndinayang'ana nkhope yake yokondwayo, ndinalephera kuiphwanya. Ndinati akamva. Ndiye moni wanu ndi umenewo, amayi, ndapereka. Akadzabwera ndidzamuuza zoona, ndipo mbewu ndidzamupatsa.

Dzulo madzulo, Loweruka, ndinkachotsa zovala pachingwe. Atate anali pamalo pawo. Ndikudutsa ndi beseni ndinamva, "Enelesi."

"Wawa, atate."

"Alendo a amayi ako aja, mawa abweranso?"

"Amabwera Lamulungu lililonse, atate."

Ndinaganiza kuti nkhani yatha. Ndikuti ndizilowa, anati, "Windo lija usatseke."

Chiikireni inu m'manda, amenewo ndiwo mawu ambiri amene atate alankhula tsiku limodzi. Madzulo omwewo anamaliza chakudya chonse cha m'mbale mwawo.

Ndiye lero ndi Lamulungu, ndabwera kumene kutchalitchi. Tivi sinabwerere kuchipinda. Pabalaza ndasesa, ndowa ndachotsa, duku lanu la maluwa lili pano pamwendo panga, ndimanga ndikamaliza kulemba. Sindikunamizani kuti ndachira. Mkono uja udakali wogoneredwa, misozi sinabwere, ndipo mawu anu sindikuwamvabe. Mwina adzabwera, mwina ayi. Koma zikuoneka kuti pamene ine ndinkawafuna m'makutu, inu munawasiya pakhosi panga, pamalo pamene mwini wake sangawamve. Munali choncho inu, chinthu chabwino munkachibisa pamene mwana sangafikire.

Ndikulonjezani ichi, amayi. Alendo anu sadzaima pakhomo pano osayankhidwa. Ndidzawalandira, ndidzawaperekeza, mokweza ndithu kuti zizimveka pakhonde. Ndipo tsiku limene mdala wanuyo adzaponye funso lake pawindo kuti akumva kodi, yankho lake ndikulidziwa.

Ndisiyire pomwepa, nthawi yawo yayandikira, ndipo ndamva atate akusendeza kampando kufupi ndi windo.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Enelesi